Ng'ombe Imene Tinaiyesa Zikomo

"Amayi, ana awa muziwawerenga dzuwa likamalowa, monga muwerengera nkhuku. Kwathu mwana sakhala wa mayi."

Anandiuza mawu amenewa ndi mayi wina wokalamba wa kuchimuna, tsiku limene ukwati wa mwana wanga wamkazi unatha. Ankhoswe anali atabalalika, ine ndikupinda mphasa. Anandigwira pa chigongono, nalankhula motsitsa maso ali kwina, kenaka anatsatira anzake. Sindinamuonenso. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandimvera chisoni kapena ankandiopseza. Munthu sumudziwa. Amabwera kudzapempha moto, maso ali pa nkhokwe.

Ndimakhala kufupi ndi Kachebere. Kumene munda wanga ukuthera, ukangodumpha kakhwawa, wafika ku Zambia. Palibe mpanda, palibe wapolisi. Mapepala ndi zidindo zili ku bodala, kumene mathiraki amandanda. Kuno kuli tinjira ta m'mitengo basi. Pa tinjira timeneti ndaona matumba a chimanga akuwoloka, feteleza, shuga, ngakhale mbuzi yomangidwa pa keliyala ya njinga. Mwana ndi wopepuka kuposa zonsezo, ndipo amayenda yekha.

Ife ndife Achewa. Kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume wawo. Mkamwini wanga anali dalaivala wa thiraki. Anakumana ndi mwana wanga ku bodala konko, kumene ankagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa kwa madalaivala odikira mapepala. Kwawo kwa mwamunayo ndi kwa Zulu, dera la mbali yathu ino ya malire, ndipo ndi Angoni. Pobwera kudzafunsira, abale ake anabwera akukoka ng'ombe yaikazi yaing'ono, yofiira, ya nyanga zongotuluka kumene. Malemu amuna anga, amene chibadwire anali asanawetepo choposa mbuzi, anaseka mpaka kuonetsa nkhama zopanda mano. "Anthu awa ndi aulemu," anatero. Khola anamanga masiku awiri okha.

Palibe anafunsa kuti ng'ombeyo ndi ya chiyani. Ife tinkati ndi zikomo, kutithokoza polera mtsikana. Iwo ankadziwa kuti ndi malowolo, ndipo kwawo amene walowola, ana onse obadwa ndi ake. Sanabise kanthu. Anangoona kuti chodziwika sichinenedwa. Nafenso chathu chodziwika sitinachinene.

Ukwatiwo unabala atsikana awiri. Unatha chifukwa cha kasokosi. Wamkuluyo, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ankakonda kusewera m'thiraki ya bambo ake ikaima pa msewu. Tsiku lina anatsika akuthamanga, atanyamula kasokosi ka mwana wakhanda kamene anakatola pansi pa kabedi ka kumbuyo kwa mpando. "Amama, taonani ka chidole!" Mng'ono wake anali ndi zaka ziwiri, phazi lake silikanalowamo. Sabata isanathe tinamva kuti thirakiyo ili ndi khomo lina ku Chipata.

Tsiku losudzulana, ankhoswe anagawa chilichonse. Mapoto uku, matiresi uko, wailesi, malata asanu amene anali asanakhomedwe. Anakangana za njinga mpaka dzuwa kupendeka. Ana ankasewera pansi pa mtengo wa mango pompo, ndipo palibe anawatchula. Alongo anga, amene anali nkhoswe yathu komanso amalume a mbumba yonse, ankati nkhani ya ana ndi yotha kale. A kuchimunanso ankaganiza chimodzimodzi.

Mwana wanga anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba, nakwatiwa konko ndi bambo amene ananeneratu kuti salimira mbewu ya mnzake. Atsikana aja anatsala ndi ine. Chaka chotsatira amuna anga anamwalira.

Wamkulu uja anasintha pang'onopang'ono, ngati mtedza umene ukuwola m'nthaka masamba akadali obiriwira. Akaweruka kusukulu ankapita kukakhala pa chulu cha kumsewu, kumvetsera mathiraki. Ya bambo ake ankaidziwa ndi kulira kokha. Ikadutsa osaima, ankabwera n'kukana chakudya. Tsiku lina tikusenda mtedza anandifunsa, osandiyang'ana:

"Agogo, ndikanakasiya pompaja kasokosi kaja, bwenzi amama ndi abambo ali limodzi eti?"

Ndinamukalipira kuti asiye zopusa. Ndikanamukhazika pa miyendo. Koma ine ndinaleredwa ndi mawu okalipa, ndipo ndi amene anali pafupi.

Patatha zaka ziwiri thirakiyo inaima. Inu achinyamata mwina simudziwa, koma kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi. Ukwati unatha, koma manyaziwo sanathe. Mkamwiniyo anaima patali, kuseri kwa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja. Ine ndinakhala pakhonde, nkhope ku khoma. Mawu ankadutsa mwa wamkulu uja.

"Akuti mwadzuka bwanji, agogo."

"Uwauze tadzuka."

"Akuti andigulira nsapato. Akuti ndikacheze holide, masabata awiri okha."

"Uwauze akafunse amalume ako."

"Akuti adutsako kale, alola."

Ankalankhula akudumphadumpha, nsapato zakuda zili kale kumapazi. Ndikanadzuka n'kumugwira dzanja. Koma kudzuka kukanatanthauza kuyang'anana ndi mkamwini, ndipo ine ndinasunga ulemu. Ndinamva chitseko cha thiraki chikutsekeka nkhope ikadali ku khoma.

Masabata awiri aja anakhala zaka zinayi, mwana ali ku Chipata. Alongo anga anapita kwa Zulu kukafunsa. Anabwerako chimanjamanja. Akuti agogo aamuna a anawo anangowafunsa mafunso atatu. Ng'ombe munalandira? Munalandira. Inabereka? Inabereka. Nanga mukufunanso chiyani?

Anabwera yekha mtsikanayo, m'mawa wina wa m'nyengo yokolola, kudzera m'tinjira ta kumunda, atanyamula jumbo. Ndinayamba ndaona msana. Unali wopindika pang'ono kumanzere, ngati wa mayi amene wabereka ana ambiri kumbuyo. Ndipo anawaberekadi: ana atatu a mkazi wa bambo ake anakulira pa msana umenewo. Sukulu anasiyira Giredi 3 ya uko. Ankanditcha ambuya, osati agogo. Ankati "nifuna", "niyenda", anzake n'kumamuseka kuti Mzambiya. Uko, akuti, ankamunena kuti Mmalawi wodzatha ufa.

Ankadya chiimire, mkono utazinga mbale. Ndinkapeza mbatata zophika zitabisidwa m'thumba la pilo, zitachita nkhungu. Jumbo ija sanaimasule chimasulire. Zovala akachapa ankazibwezera momwemo. Sankalira, sankapsa mtima. Ukamutuma ankapita, ukamuyamikira ankakuyang'ana ngati akudikira kuti unene chimene ukufuna kwenikweni. Pamenepo pokha ndinkadziona ndekha mwa iye, ndipo sizinkandisangalatsa.

Atafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anayamba kupita ku bodala ndi beseni la mazira, monga mayi ake. Ndinaletsa. Anandiyankha mofatsa: "Ambuya, kuja n'kokhako kumene aliyense ndi mlendo." Lachinayi lina beseni linabwera ndi mayi wina wogulitsa naye, mchere uli m'kabotolo kake, mazira atatsala anayi. Mwini wake anakwera thiraki. Ena amati anamuona ku Lusaka, ena amatchula malo amene sindingathe n'kuwatchula komwe. Bambo ake amati sadziwa. Mwina n'zoona, mwina ayi.

Ndinatsala ndi wamng'ono, ndipo ndinalumbira kuti ameneyu sadzawoloka kakhwawa kaja ine ndili moyo.

Iye sankakumbuka makolo ake ali pamodzi. Ndinkaganiza kuti zimenezo zimupulumutsa. Koma chimene chinaswa nyumba ija chinamupeza ndithu, chinangolowera khomo lina. Akamva njinga yamoto ikukhotera kwathu ankathawira pansi pa nkhokwe. Anakodzera pa mphasa mpaka zaka khumi. Ankapempha chilolezo ngakhale chomwera madzi a mumtsuko umene watunga yekha. Aphunzitsi ankamuyamikira kuti ndi wanzeru, wofatsa, wosavuta. Ine kufatsa kumeneko kunkandiopsa. Mwana wosavuta ndi amene waona kuti wovuta amapirikitsidwa.

Ng'ombe yofiira ija inafa kalekale, koma inasiya ana, ndipo m'khola munali zitatu. Tsiku lina ndinamupeza ataima pa khola, chibwano chili pa mtengo.

"Agogo, zonsezi zikafa, ine ndikhala wa ndani?"

Sindinamuuzepo za ng'ombe. Wina anamuuza. M'mudzi muno mulibe chinsinsi, muli anthu ongodikira nthawi yabwino yochinenera.

Chaka chatha, ali mu Sitandade 8, anatha msinkhu. Ndinauza munthu mmodzi yekha, mayi wa kumpingo amene amalangiza atsikana. Masabata awiri asanathe, njinga yamoto inaima pabwalo panga. Anatsika azakhali a mwanayo, mlongo wake wa mkamwini uja, mayi wonenepa wa mawu okoma, atanyamula shuga, sopo ndi chitenje chatsopano.

"Odi kuno! Amayi, koma simukalamba inu. Mukudya chiyani, mutiuzeko?"

"Ndikudya zanga. Wakuuzani ndani?"

"Watiuza chiyani?"

"Chimene mwabwerera."

Anaseka, nadzikhazika pa mpando ndisanamupatse. "Iii, amayi, mlendo amayamba wapatsidwa madzi. Mbalame zimauluka, sizifuna pasipoti. Tamva kuti m'nyumba muno mwakula munthu. Kwathu mtsikana akakula amalangizidwa ndi azakhali ake. Ndangobwera kudzamubwereka, sabata imodzi."

"Mkulu wake munabwereka masabata awiri."

Kumwetulira kunachepa, koma sikunathe. "Zija zinalakwika, sitikana. Koma uja anathawira m'manja mwanu, osati mwathu."

"Anafika kuno atathyoka kale."

"Nanga uyu mukumusunga kuti adzakhale chiyani? Wokutungirani madzi? Achimwene akuti amulipirira sekondale, ya bodingi. Inu mudzamulipirira ndi mtedza?"

"Shuga wanuyo mutenge. Ndimamwa tiyi wopanda."

"Tisiya pompano, nyerere zidye," anatero akudzuka. Ali pa njinga anakweza mawu kuti wa m'nyumba amve: "Mwana wa achimwene! Kwanu kukudikira, wamva?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinamusiye. Kumjigo tinkapita awiri. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwake. Kusukulu ndinkamuperekeza, n'kukhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda ndi lichero la mtedza mpaka aweruke. Ana ankakuwa, "Alonda ako afika!" Iye ankangowerama. Ndinkaona kuti zikumuwawa, koma ndinkati kuwawa kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi msana wopindika. Tsiku lina tikubwerera anaima pakati pa njira.

"Agogo, kodi ndinalakwa chiyani?"

"Sunalakwe."

"Nanga bwanji aliyense amandisunga ngati katundu wa pa bodala?"

Ndinangopitiriza kuyenda. Koma mawuwo sanandichoke m'mutu masiku angapo, ndipo ndi amene anandipatsa maganizo olakwika. Ndinati: ngati chingwe chimene amukokera ndi ng'ombe, ndikabweze ng'ombe. Akailandira, mwana ndi wathu, ndipo ndisiya kumulondera.

Ndinauza alongo anga okha, poti nkhani yotere siyenda popanda nkhoswe. Tinapangana Loweruka. Ndinasankha ng'ombe yabwino pa zitatu zija, yaikazi, yofiira ngati gogo wake. Mwana ndinamuuza kuti tikupita nayo kwa alangizi a ziweto, akhale m'nyumba, asatsegulire munthu. Linali tsiku loyamba kumusiya yekha m'miyezi itatu.

Tinanyamuka kutangoyera, alongo anga akukankha njinga, ine ndi chingwe. Ng'ombe siyenda ngati munthu. Imaima pamene yafuna, imakoka udzu, imakana mlatho. Tinafika dzuwa lili pamutu.

Anatilandira bwino. Bwino kwambiri. Agogo aamuna a anawo, nkhalamba yaitali ya ndodo, anatuluka manja ali m'mwamba. "Asebele! Mwatikumbuka lero? Yalani mphasa! Gwirani nkhuku ija, yaikuluyo!" Ng'ombe anaimangirira pa mthunzi, naipatsa madzi, osafunsa kuti yabwereranji. Pamenepo ndinayamba kukayikira. Munthu ukafika ndi ng'ombe pakhomo pa eni, amadabwa. Iwo sanadabwe.

Ndinayamba kuwerenga nkhope za obwera kudzatipatsa moni. Akazi, ana, apongozi. Mmodzi panalibe.

"Azakhali a ana ali kuti?"

"Apita kuchigayo," anayankha mayi wina msangamsanga.

Ndinayang'ana kukhomo kwa azakhaliwo. Pabwalo panali mphasa ziwiri, ufa woyera mbee utayanikidwa, nkhuku zikuuzungulira. Munthu amene ufa wake uli padzuwa sapita kuchigayo.

Ndinagwira pansi kuti ndidzuke. Alongo anga anandikoka chitenje. "Khalani pansi, inu. Nkhuku yafa kale. Mlendo sathawa nkhuku yomuphera, mutichititsa manyazi."

"Mwana ali yekha."

"Watsekera m'nyumba. Tinene kaye chimene tabwerera."

Ndinakhala. Kachiwiri m'moyo wanga ndinasunga ulemu. Nkhukuyo inaphikidwa mosafulumira, ngati ya pa ukwati. Anatipatsa thobwa, anafunsa za mvula, za mitengo ya soya, za maliro a chaka chatha. Chiwindi ndi nthutumba anaika m'mbale yanga. Ndinameza osamva kukoma. Titasamba m'manja, alongo anga anafotokoza nkhani yathu mwaulemu wonse. Nkhalamba ija inamvetsera ikugwedeza mutu.

"Asebele, mwayenda ulendo wautali, ndipo tikuthokoza. Koma ng'ombe imene inabala ana siibwerera. Tikailandira, ndiye kuti tikunena kuti ukwati uja kunalibe, ndipo atsikana aja ndi apathengo. Inu mungakonde zidzukulu zanu zitchedwe choncho? Tengani ng'ombe yanu. Ndi yanu ndithu. Ifenso chathu ndi chathu."

Pobwerera ndinasiya chingwe m'manja mwa alongo anga ndi kuyenda patsogolo. Miyendo yanga ndi yotupa, koma tsiku limenelo sindinaimve. Ndinafika dzuwa lisanalowe.

Pabwalo panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Mitsuko yonse inali yodzaza. Nkhuni zinali zowazidwa, zosanjidwa pakhonde, zokwana sabata. Chitseko sichinathyoledwe. M'nyumba munalibe yunifolomu, munalibe makope, ndipo chitenje chatsopano chija, chimene ndinachiponya pamwamba pa kabati, panalibe.

Mayi woyandikana nane anabwera yekha, manja ali kumbuyo.

"Anamukoka?" ndinafunsa.

"Ayi, agogo."

"Analira?"

"Sanalire. Azakhali akewo anaima kumsewu, sanafike n'pabwalo pomwe. Mwana anamaliza kaye kutunga madzi. Chikwama ananyamula yekha, ndipo ndi iye anali patsogolo."

"Inu munangoyang'ana?"

"Nanga ine ndikanatani? Anandiuza kuti ndikuuzeni kuti mankhwala anu a miyendo ali pa zenera."

Ndikanakonda akanamukoka. Ndikunena zoona. Wokokedwa umakamulanda.

Ndinabwereka foni, ndinaimbira mayi ake ku Lilongwe. Sanadabwe nayenso. "Amayi, mwana aphunzire. Inu mwakalamba, simungamusunge m'thumba. Bambo ake analonjeza." Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anati netiweki ikuvuta. Alongo anga amalumbira kuti za Loweruka lija sanauze munthu. Mwina. Koma tinkadziwa anthu awiri, ndipo ine sindinanene. Sanapondenso pakhomo pano, ndipo sindinawaitane.

Mwanayo waimbapo kawiri pa foni ya oyandikana nawo. Sali kwa Zulu. Anangogonako, m'mawa mwake anamuwolotsa kupita naye ku Chipata. Ulendo woyamba anati sukulu za uko zimatsegulira Janyuwale, ndiye akudikira. Janyuwale anadutsa. Ulendo wachiwiri anati akufuna kaye pepala lina lochokera kusukulu yake yakale.

"Ukudya?"

"Ndikudya, agogo."

"Ukugona pati?"

"Ndili bwino, agogo."

Mawu ake anali aang'ono, osalala, ngati a munthu amene wina waima pambali pake. Ndipo pafupi penipeni ndi foniyo, pafupi moti ndinkamva kupuma kwake, khanda linkalira. Kulira kwa mwana amene ali pa mphasa kumamveka patali. Uyu anali kumsana.

"Ndi wa ndani ameneyo?"

"Wa amama a kuno. Agogo, mayunitsi akutha."

Papita miyezi inayi osamvanso kanthu. Ndinapita ku bodala kamodzi kukafunsa madalaivala. Anandiseka, wina anandigulira fanta. Osintha ndalama a pa bodalapo amadziwa aliyense wodutsa, koma pakamwa pawo pamatseguka kwa anthu ena, osati kwa nkhalamba ya chitenje chong'ambika.

Tsopano ndili ndekha. Miyendo ikutupa kufika m'mawondo, ndipo masiku ena m'mawa ndimalephera kufika pa chitseko. Oyandikana nawo ndinawayankha moipa tsiku lija, ndiye amangondipatsa moni ali panjira. Sindiwadandaula. Koma ndiyenera kukhala moyo, ndipo nyumba ino iyenera kukhala ndi munthu. Tsiku limene mwana uja adzatope, sadzapita ku Lilongwe, sadzapita kwa Zulu. Akadzapeza pano pali zii, bodala ili pafupi, ndipo mathiraki sasowa malo a munthu mmodzi.

Choncho ndikupempha chinthu chimene sindinapemphepo munthu. Inu amene mwawerenga izi, ngati mumadutsa cha kuno, kaya mukupita kumunda, kaya mukukankha njinga ya katundu, muzipatukako. Ndi nyumba yomalizira musanatsikire kukhwawa, ya chitseko cha malata. Simukuyenera kubweretsa kanthu, mwinanso sindingalandire. Mukapeza dzuwa lakwera chitseko chili chotseka, musangodutsa. Gogodani. Ndidzakufunsani kuti wakutumani ndani. Musakwiye, ingoyankhani. Mukagogoda katatu osamva funso limenelo, thyolani chitsekocho.